Jekete lagolide la kwa telala wa ku Fordsburg, patatha miyezi isanu ndi inayi ndikulivala

Tsiku limene ndinakatenga jekete langa sindinayambe ndi kulivala. Ndinaliyala pa tebulo lodulirapo nsalu, ndinakoka zipi mpaka m'khosi, kenako ndinabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndinkafuna kuona chinthu chimodzi basi: kodi tsamba lagolide la kumanzere likukumana ndi linzake la kumanja pamene padutsa zipi? Linakumana, nsonga ndi nsonga, ngati kuti lumo silinadutsepo. A telala anandiyang'ana, tepi ili lende m'khosi, n'kunena kuti, "Achimwene, inu ndinu oyamba kuyang'ana pamenepo. Anzanu onse amathamangira pa galasi."

Chifukwa chake chilipo. Ine kuno ku Joni ndimapachika makatani. Chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri ndikukwera makwerero m'nyumba za eni ndalama ku Houghton, ku Bryanston ndi ku Sandhurst. Pa ntchito yathu mlandu waukulu ndi kulumikiza nsalu ziwiri maluwa osakumana. Abwana anga amatha kukubwezera katani yonse kuti uisole chifukwa duwa latsetsereka ndi chala chimodzi chokha. Ndiye maso anga anazolowera kufufuza msoko, ndipo ndikaona mnyamata pa renki ya matekisi ya Bree atavala malaya a maluwa agolide, m'malo moona kutchena ndimaona pamene wodula nsalu anachita ulesi.

Maluwa amenewa, kunena zoona, ndi omwewo amene ndimapachika pa mawindo. Masamba opindikapindika, zingwe zokhotakhota, nkhata, tcheni, zonse zagolide pa nsalu yakuda. Azungu amati baroki. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi dzina la kampani ya makatani, mpaka mayi wina wachikulire amene tinkamukonzera chipinda chodyera anandiuza kuti ndi dzina la nyengo. Kamangidwe ndi kakongoletsedwe kameneka kanayamba ku Rome cha m'ma 1600, pamene mpingo wa Katolika unkamanga matchalitchi oti munthu akangolowa, khosi lipweteke ndi kuyang'ana kumwamba. Mu tchalitchi cha St Peter muli chidenga chamkuwa chimene anapanga Bernini pamwamba pa guwa, chotalika pafupifupi mamita 29, nsanamira zake zinayi zopotoka ngati chingwe chopota. Mfumu Louis XIV ya ku France inatengera mtima womwewo pomanga nyumba yachifumu ya Versailles, kumene chipinda chimodzi chokha chili ndi magalasi 357. Tsamba lopindika lija ndi la chomera chenicheni cha m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, dzina lake acanthus, ndipo Agiriki ankalisema kale pamitu ya nsanamira zawo. Choti ndichitchule n'chakuti zonsezi anazipangira makoma, madenga ndi maguwa. Sanazipangire chifuwa cha munthu woyenda pansi kupita kokakwera tekisi. Vuto lonse la zovala zimenezi lagona pamenepo: kodi uchita bwanji kuti usaoneke ngati katani yomwe yathawa pa windo?

Ine ndinagwa kale m'mbuna imeneyi. Chaka chatha ndinagula tirakisuti m'kashopu kena ka mu Small Street, kamene sindikatchula dzina. Inali yagolide kuyambira m'khosi mpaka m'kakolo, ndi chimutu cha mkazi wa tsitsi la njoka, chizindikiro cha kampani ya zovala ya Versace, pamsana. Ndinalipira R450 ndipo ndinatuluka ndikudzimva kukoma. Nditajambulitsa n'kutumiza chithunzi kumudzi, amayi anayankha ndi uthenga wa mawu, akuseka mpaka kutsokomola: "Mwanawe, nsalu za abwana ako wayamba kuvala?" Nditaichapa kachitatu golide anayamba kusupuka ngati khungu la njoka, kusiya timadontho ta guluu totuwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsopano ndimaivala popenta.

Kwa a telala amenewa anandilondolera ndi mnzanga wa ku Mangochi amene amagwira ntchito m'butchala ku Mayfair. Shopuyo ilibe chikwangwani. Ili m'chipinda cham'mwamba, pamwamba pa malo ogulitsira zokometsera ndiwo, moti ukamakwera masitepe fungo la masala limakuperekeza mpaka pakhomo. Kuchoka pa Oriental Plaza ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi. M'katimo muli makina atatu a Juki, ovaloko imodzi yosokera m'mphepete mwa nsalu, tebulo lalikulu lodulira, ndi wailesi imene imangolira nyimbo za kwathu. Mwini wake ndi bambo wa ku Machinga, wa zaka za m'ma 50, ndipo ali ndi anyamata awiri, mmodzi mphwawo, wina wa ku Nampula. Ntchito imene imawadyetsa ndi yodula mabuluku atalika, kusoka mikanjo ndi madiresi a ukwati. Za majekete agolidezi anayamba chifukwa achinyamata ankabwera ndi zithunzi pa foni n'kumati tisokereni chonchi.

Nane ndinabwera ndi chithunzi changa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, anachikulitsa ndi zala, kenako anabweza foni. "Maluwawa ndisoka. Koma mutu wa mayiyu ayi, ndi dzinali ayi. Ndi za eni ake zimenezo." Ndinayesa kunyengerera, ndinati ndiwonjezera kangachepe. Anakana. Anati safuna kuti tsiku lina apolisi adzalowe n'kunyamula makina ake chifukwa cha kamutu kamodzi, komanso chithunzi cha nkhope pa chovala iwo sichiwasangalatsa. Panthawiyo ndinakhumudwa. Lero ndimayamika, chifukwa palibe amene angandigwire pa phewa n'kunena kuti ndavala feki. Jekete langa silinamizira dzina la munthu aliyense.

Mantha awowo si opanda pake, ndipo anandikumbutsa nkhani ya telala wina wotchuka wa ku Harlem, ku New York. Daniel Day, amene dziko limamudziwa kuti Dapper Dan, anatsegula shopu yake mu msewu wa 125th mu 1982. Ankadinda zizindikiro za Gucci, Louis Vuitton ndi Fendi pa zikopa, n'kusokera oimba rap ndi ankhonya majekete akuluakulu amene makampaniwo sankawalota n'komwe. Milandu inamutsekera shopu mu 1992. Patatha zaka 25, mu 2017, Gucci inaonetsa jekete la manja otukumuka lofanana kwambiri ndi limene iye anasokera wothamanga Diane Dixon m'ma 1980. Anthu atakuwa, kampaniyo inapangana naye ndipo mu 2018 inamutsegulira malo osokera ku Harlem komweko. Ndinawafotokozera a telala nkhaniyi uku akundiyeza m'mapewa. Anangoti, "Ine zaka 25 sindingadikire, achimwene. Imikani dzanja."

Amene anachotsa maluwawa pa khoma n'kuwaika pa malaya mwamphamvu ndi Gianni Versace, amene anayambitsa kampani yake ku Milan mu 1978. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatulutsa nsalu za siliki zagolide ndi zakuda zimene mpaka lero zimatchedwa Barocco, ndipo oimba a ku America monga Notorious B.I.G. ndi Tupac Shakur ndi amene anazitulutsa m'nyumba za olemera n'kuziyendetsa mumsewu. Versace anaphedwa pakhomo pa nyumba yake ku Miami Beach mu 1997. Mchemwali wake Donatella anaukitsanso nsalu zakalezo pa chionetsero cha mu September 2017, ndipo kuyambira pamenepo golide anasefukira paliponse, pa majuzi a chipewa, pa makabudula, pa masokosi. Kuno ku Joni tinali titaziona kale mwa njira yathu. Amene analipo cha m'ma 2012 akukumbukira izikhothane, anyamata a m'malokeshoni monga Katlehong ndi Daveyton, ovala malaya a maluwa owala ndi nsapato za Carvela, amene ankapikisana poponda zovala zodula ndi kutaya kasitadi pansi kuti aonetse kuti ndalama si kanthu. Akuluakulu ankawatukwana, koma diso lawo pa mitundu linali lakuthwa.

Tibwerere ku Fordsburg. Ndinaitanitsa zinthu zitatu: jekete lalifupi la mtundu umene amati bomba, juzi ya chipewa, ndi buluku la tirakisuti. Pa nkhani ya nsalu ndi pamene ndinaona kuti bamboyu amadziwa ntchito. Anatulutsa zidutswa ziwiri n'kundiuza kuti ndizikande ndi chikhadabo. Choyamba chinali chonyezimira kwambiri, golide wake wochita kumatidwa pamwamba. Nditakanda panatsala mzere. Chachiwiri chinali satini wa poliyesitala amene maluwa ake analowa mu ulusi weniweniwo. Amadinda ndi moto waukulu, inki imasanduka nthunzi n'kulowerera m'nsalu, ndiye palibe choti chisupuke. Kuipa kwake n'kwakuti golide wotereyu sanyezimira ngati chitsulo, amangokhala wachikasu chozama, ngati uchi, ndipo njirayi imagwira pa poliyesitala, pa thonje ayi. Ndinasankha chachiwiri. Siliki weniweni sitinamukambe n'komwe. Ndani angakwere tekisi ya ku Soweto atavala siliki?

Kenako tinakangana. Ine ndinkafuna maluwa thupi lonse, manja omwe. Iwo anati ayi: maluwa kutsogolo ndi kumsana basi, manja akhale akuda bii, kolala, m'chiuno ndi m'mikono mukhale ribi wakuda, kansalu kotanuka kaja. Anatenga choko n'kujambula pa tebulo. "Chithunzi chopanda felemu ndi pepala chabe," anatero. Apa anandigwira pakamwa, chifukwa ndi zomwe ine ndimauza makasitomala a abwana anga tsiku ndi tsiku, kuti katani ya maluwa imafuna khoma losalankhula. Ndinavomera pa jekete. Pa buluku ndinaumirira zanga, ndinati ndikufuna maluwa mwendo wonse, ndalama ndi zanga. Anagwedeza mutu n'kulemba m'kabuku kawo.

Mtengo tinagwirizana motere: jekete R950, juzi R600, buluku R450, theka kulipiriratu. Ndinadandaula kuti jekete lakwera. Anandionetsa chifukwa chake pa nsalu pomwepo. Maluwa a baroki amabwerezabwereza patalipatali, ndipo mbali ziwiri zimayang'anana ngati munthu ndi galasi. Kuti duwa lalikulu likhale pakati penipeni pa msana, ndiponso kuti mbali ziwiri za kutsogolo zikumane pa zipi, sungadule mongotsatizana kuti usunge nsalu. Umadumpha, umataya. Pamene jekete wamba likanadya mita ndi theka, langali linadya kupitirira mamita awiri. Mafakitale otchipa amaunjika nsalu mulu n'kudula kamodzi, n'chifukwa chake pa tirakisuti yanga ya mu Small Street duwa lina linali m'khwapa, lina linadulidwa pakati ndi thumba. Ndinalipira osanenanso kanthu. Koma risiti sanandipatse, ndipo izi sindinazikonde. Umboni wanga wonse unali dzina langa m'kabuku ka mafuta kaja.

Za nthawi ndiye ndisabise. Analonjeza masabata awiri. Ndinatenga katundu wanga patatha masabata asanu. Ulendo woyamba ndinapita Lachisanu masana, ndinapeza chitseko chotseka, onse ali ku mzikiti, ndipo kulakwa kunali kwanga. Ulendo wachiwiri ndinapeza shopu yadzaza madiresi a ukwati wina, nsalu yanga ikadali m'pepala mmene ndinaisiyira. Ulendo wachitatu anati magetsi. Pa WhatsApp mauthenga amawerengedwa koma yankho limabwera mawa lake, nthawi zambiri liwu limodzi: "Mawa." Tsiku lililonse limene ndinapitako pachabe ndinataya ndalama ya matekisi awiri ndi theka la tsiku la ntchito. Ngati muli ndi tsiku la mwambo, musawauze tsiku lenileni. Chotsanipo mwezi.

Tsopano jeketelo. Ndalivala kuyambira mu May, nyengo yonse yozizira ya Joni, ndipo ndalichapa kasanu ndi kamodzi, pamanja, m'madzi ozizira, nditalitembenuza. Mtundu sunasuluke ngakhale pang'ono. Mapewa anakhala pamalo pake, osagwa ngati a m'sitolo amene amasokera munthu wongoganiziridwa. Ine ndili ndi manja aatali kuposa thupi langa, ndipo aka n'koyamba kukhala ndi jekete loti ndikatambasula dzanja wotchi siituluka yonse. M'kati anaikamo kansalu kofunda kopyapyala, kosokedwa timabokosi, kokwanira m'mawa wa July pamene udzu wa m'mbali mwa msewu wayera ndi chisanu, bola m'kati muli juzi. Zipi ndi ya YKK yachitsulo. Ndinaipempha ndekha n'kuwonjezera R40, ndipo sinandigwirepo nsalu ngakhale kamodzi.

Msana ndiye umandinyaditsa. Duwa lalikulu linakhala pakati ndendende, nthambi zake zikukwera kumapewa mofanana uku ndi uku, ndipo pansi likuthera pamene ribi wayambira, osadulidwa. Tsiku lina ndili pa mzere wa tekisi, bambo wina wachikulire wa Chizulu anandigwira pamsana n'kufunsa kumene ndinagula. Nditamuuza kuti anasoka ndi munthu wa kwathu, anayang'ana m'kolala kufuna chizindikiro, sanapeze kanthu, n'kuseka.

Ndinachitanso chinthu china chimene mwina n'chachibwana. Loweruka lina ndinalivala n'kupita ku Sandton City, kukayenda mu Diamond Walk muja muli masitolo a Louis Vuitton ndi Gucci, kuti ndione ngati ndichite manyazi. Sindinachite. Komabe ndisanamize munthu: zimene zili m'mawindo amenewo ndi zina. Nsalu yake imagwa mofewa, mitundu yake ili ndi mithunzi yambiri, tsamba limodzi limakhala ndi golide wamitundu itatu kapena inayi moti limaoneka ngati losema. Langa tsamba ndi lafulati, la mitundu iwiri. Patali sungasiyanitse kwenikweni, pafupi ungasiyanitse. Kusiyana kwa mtengo ndiye sindinafunse n'komwe, mlonda wa pakhomo anali atayamba kale kundiyeza ndi maso.

Zolakwika pa jekete zilipo ziwiri. Nsalu ya m'matumba ndi yopepera kwambiri. Mwezi wachiwiri makiyi anaboola thumba la kumanja n'kugwera m'kati mwa jekete, ndinachita kuwasaka ngati mbewa ku una. Nditabwerera nalo anasinthamo nsalu yolimba osandilipiritsa, koma anayenera kuiika poyamba pomwe. Chachiwiri ndi ribi wa m'mikono, amene wayamba kutuluka timibulu ndi kutayirira. Pamenepa anasunga ndalama pamalo olakwika. Mukapita, gwirani ribiyo, mumukoke, muone ngati akubwerera msanga. Akapanda kubwerera, kagulani wanu m'mashopu a nsalu ali pafupi pomwepo, mubwere naye.

Juzi ya chipewa sindinkayembekezera kuti ndingailembere zambiri, koma ndi imene ndimavala kuposa zonse. Ndi yakuda yonse, ya thonje lolemera, ndipo golide ali malo awiri okha: m'kati mwa chipewa, ndi kamzere kopyapyala kotsika m'manja. Chipewa chikagona pamsana maluwa amangosuzumira. Ndimapita nayo ku ntchito, ndipo mayi wina wa ku Bryanston, amene nyumba yake yonse ndi yotuwa ngati phulusa, anaiyamikira. Golideyo a telala anapanga ndi zidutswa zotsala pa jekete, ndiye zimene ndinkaona ngati nsalu yotayika zinabwerera kwa ine ndemwe. Chenjezo limodzi: thonje lakuda limasuluka msanga kuposa poliyesitala, moti pano thupi la juzi layamba kuyera pang'ono pamene mzere wagolide ukadali watsopano. Musaiyanike padzuwa.

Buluku lija ndinaumirira. Ha. Analisoka bwino, msoko wowongoka, lamba wa m'chiuno wolimba, maluwa a mwendo uwu akufanana ndi a mwendo uwo. Palibe chimene ndingawanenere. Koma nditavala pamodzi ndi jekete n'kuima pa galasi, ndinaona sofa. Sofa ya m'nyumba ya munthu amene wangolemera kumene, yoimirira ndi miyendo iwiri. Mphwawo wa a telala anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. A telala sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa kuti, "Tilikulunge?"

Ndinalivala kamodzi kokha pagulu, ndipo ndi nkhani imene abale anga sadzaiwala. Mu October ndinapita kumudzi ku chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Chilomoni. Ndinaganiza zoti ndikatsike basi ku Blantyre nditatchena kale, anthu aone kuti wa ku Joni wafika. Ndiye ndinavala zonse pa Park Station pomwe. Usiku mpaka ku Beitbridge zinali bwino. Titadutsa Nyamapanda n'kuyamba kutsikira ku Tete, ndinadziwa tanthauzo la poliyesitala. Nsaluyi situlutsa mpweya, thukuta silipita kulikonse, limangoyenderera m'miyendo. Jekete ndinavula n'kulipinda, koma buluku ungalivule m'basi? Pofika pa Mwanza ndinali ngati chimanga chophika m'masamba ake. Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anandipatsa chitenje kuti ndidzipukute, osanena kanthu, chifundo chokhachokha.

Pa chinkhoswe penipeni ndinachita zimene a telala ananena pachiyambi. Buluku lakuda wamba, sikipa yoyera, nsapato zoyera, jekete pamwamba dzuwa litapendeka. Pa perekaniperekani nditalowa m'bwalo, a MC anasiya zimene ankanena n'kuyamba kundiitana kuti achimwene agolide, ndipo dzinalo landikanirira mpaka lero. Linandidyeranso ndalama, chifukwa munthu wovala golide sangaponye K500 anthu akuona. Amayi anandizungulira, anagwira nsalu, anatembenuza mkono kuona msoko monga amachitira ndi chilichonse, n'kunena kuti, "Ili ndiye ndi jekete. Lija linali katani." Malume anafunsa ngati a telalawo angawasokere lofanana koma la maluwa asiliva, loti azipita nalo ku tchalitchi.

Kunena za tchalitchi, ndinalivala Lamlungu lotsatira ku Misa ndipo ndinazindikira kanthu kena kamene kanandiseketsa ndekha. Mkanjo wa ansembe unali ndi mzere wagolide wa masamba opindika omwewo, kutsika pachifuwa. Tinayang'anana pa nthawi ya Ukaristia. Maluwa amene anayambira pa guwa ku Rome, n'kudzera ku Milan, ku New York ndi ku Fordsburg, anakumana ndi abale awo ku Chilomoni. Sindinalivalenso ku tchalitchi, ndinaona ngati ndikupikisana ndi ansembe.

Amene akufuna kupita kwa a telala amenewa, kapena kwa telala wina aliyense wosoka zoterezi, pali zinthu zingapo zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Pitani ndi jekete limene limakukhalani bwino kuti atengerepo muyeso, chifukwa bomba likathina m'khwapa silikonzeka. Muone nsalu yonse itatambasulidwa, osati kachidutswa, ndipo muloze ndi chala duwa limene mukufuna pamsana, alizungulize ndi choko inu mukuona. Funsani ngati adzakumanitsa maluwa pa zipi, ndipo akayankha mozengereza, tulukani. Posita, simbi ikhale yofunda chabe ndipo muyale kansalu pamwamba, apo ayi satini amanyezimira moipa pamene simbi yadutsa, ndipo sizibwerera. Ndipo mulembetse mtengo ndi tsiku pa pepala loti mutenge, ngakhale akuyang'aneni ngati simukuwakhulupirira.

Kodi ndi aliyense angavale? Ayi. Mnzanga wa ku butchala uja analiyesa langa n'kulivula msangamsanga, anati akumva ngati anthu onse a mu Mint Road akumuyang'ana. Ndi zoona, amayang'ana. Kuno ku Joni kuyang'anidwa si chinthu chabwino nthawi zonse, makamaka kwa ife obwera. Pali misewu ina m'tauni imene ndikamadutsa madzulo ndimalivula n'kuliika m'chikwama, chifukwa wakuba sadziwa kuti golideyo ndi wa R950. Pali masiku enanso amene mlendo amafuna kungosungunuka m'gulu, osaoneka. Masiku amenewo ndimavala juzi ija, chipewa chili kumutu, golide ali m'kati.

Sabata yatha ndinabwererako ndi buluku lija. Ndawapempha kuti alisole, adule timizere tiwiri toika m'mbali mwa buluku lakuda, chotsalacho asokere mwana wa mng'ono wanga kajekete, akadzabadwa mu April. Anatenga nsaluyo, anaitembenuza, anayeza ndi chikhatho n'kunena kuti ikwana, bola duwa la pamsana likhale laling'ono lija la pa bondo. Ndinafunsa kuti zidzatha liti. Anati masabata awiri. Ndinawauza kuti mwanayo abadwa mu February.